Mitsempha Yopiringizana mu Ubongo: Idzaphulika Kapena Ayi?

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Yakwana nthawi yathu ya zaumoyo. Lero tikamba za mitsempha ya magazi ya mu ubongo imene sinapangike bwino, za kuopsa kwake ikaphulika, ndiponso za makina amene madokotala amaunikira mkati mwa chigaza osachiboola.

Pali mawu amene amanong'onedwa pamaliro a munthu amene wapita mwadzidzidzi: anamumenya hamala. Mnyamata anadzuka bwinobwino, masana wagwira mutu n'kukuwa kuti ukung'ambika, wasanza, wagwa, pofika madzulo kulibe. Anthu amayang'anana, ndipo sipatenga nthawi zala zimayamba kuloza agogo ena apamudzi. Olankhula zimenezi sindikuwanyoza, chifukwa zimene amafotokoza anazionadi ndi maso, ndipo odwala amene anapulumuka amanenadi kuti ululu wake unabwera kamodzin'kamodzi monga kumenyedwa m'mutu. Koma kawirikawiri chimene chachitika chili mkati. Mtsempha waphulika, magazi akhuthukira mu ubongo, ndipo chigaza ndi fupa, sichifutukuka kuti magaziwo apeze malo. Agogo aja alibe mlandu.

Tiike zinthu m'malo mwake tisanapite patali. Mwa akuluakulu, chimene chimaphulitsa mitsempha ya mu ubongo nthawi zambiri ndi BP, kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe. Vuto limene tikukamba leroli ndi losowa poyerekeza ndi BP. Kumayiko kumene amawerenga bwino odwala, limapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 100,000 pachaka. Chimene talitengera nthawi n'chakuti limakonda kugwira ana, achinyamata ndi anthu amene ali pachimake cha mphamvu zawo, anthu amene BP yawo ili bwinobwino ndipo palibe akanawaganizira matenda. Mwana akataya magazi mu ubongo popanda ngozi, madokotala amayamba kuganizira vuto limeneli.

Magazi akachoka mumtima amayenda mwamphamvu m'mitsempha yochindikala, yopangidwira kupirira kugunda kwa mtima. Mitsemphayo imagawikana, kucheperachepera, mpaka kusanduka timitsempha tochepa kuposa tsitsi. M'timitsempha timeneti magazi amafatsa, amasiya mpweya wabwino ndi chakudya mu ubongo, ndipo pamene akulowa m'mitsempha yobwerera kumtima amakhala ukali wonse utatha. N'chifukwa chake mitsempha yobwererayo ndi yopyapyala.

Tsono mwa anthu ena, pamalo pena mu ubongo timitsempha tapakatito palibe. Mtsempha wochokera kumtima umathira magazi mwachindunji m'mtsempha wobwerera, kudzera m'mfundo ya mitsempha yopiringizana. Madokotala amaitchula ndi zilembo zitatu, AVM, chidule cha arteriovenous malformation. Taganizani za paipi yaikulu ya madzi ya mumsewu italumikizidwa ku kapaipi kapulasitiki kothirira ndiwo, popanda mpopi pakati wochepetsa mphamvu. Kapaipiko kamatupa, kamafufuma pamene pafooka. Kakhoza kutha zaka zambiri kasanang'ambike, mwinanso osang'ambika konse, ndipo funso lonse la lero lagona pamenepo.

Amayi amene mukumva, AVM sibwera chifukwa cha chimene munadya kapena mwambo umene munalumpha muli oyembekezera. Mwa odwala ochuluka si ya kumtundunso. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018 anapeza kuti m'mfundo zambiri za AVM muli kusintha kwa jini yotchedwa KRAS, koma kusinthako kuli m'maselo a mfundo yokhayo, sikupita kwa ana. Pali banja limodzi la matenda limene limayenda m'magazi a mtundu, lotchedwa HHT, ndipo chizindikiro chake chodziwika ndi kamfuno wobwerezabwereza kwa anthu angapo a banja limodzi. Ngati kwanu zili choncho, muwauze adokotala.

Pafupifupi theka la odwala amadziwa kuti ali ndi AVM tsiku limene yaphulika. Ena, mwina mmodzi mwa atatu, amayamba ndi khunyu atakula kale. Ena ndi mutu wosatha, ndipo masiku ano alipo amene amaipeza mwangozi, atajambulidwa pa chifukwa china. Jill Bolte Taylor, katswiri wa ubongo wa ku America, anali ndi zaka 37 pamene AVM yake inaphulika m'mawa wa pa 10 Disembala 1996. Munthu amene ntchito yake inali kuphunzira ubongo sankadziwa chimene chinali m'mutu mwake. M'maola ochepa analephera kulankhula, kuwerenga ndi kuyenda. Anamuchita opaleshoni ku Boston, ndipo iye amanena kuti kuchira kwathunthu kunamutengera zaka 8. Si kuphulika kulikonse kumene kumapha. Ambiri amapulumuka, ngakhale kuti ena amatsala ndi chilema.

Wodwala akangouzidwa kuti ali ndi AVM, funso lake ndi limodzi: adokotala, idzaphulika? Yankho lakale linachokera ku Finland. Madokotala a ku Helsinki anatsatira odwala 166 amene sanachitidwe opaleshoni kwa zaka pafupifupi 24, ndipo mu 1990 anafalitsa kuti chaka chilichonse anthu 4 mwa 100 ankataya magazi mu ubongo. Kafukufuku wa pambuyo pake anapatula amene AVM yawo sinaphulikepo, ndipo kwa amenewa nambala ili pafupi ndi anthu 2 mwa 100 pachaka.

Awiri mwa 100 akumveka ochepa, ndipo kwa chaka chimodzi ndi ochepadi: anthu 98 chaka chimatha ali bwino. Koma zaka zimaunjikana. Tikati nambalayo isasinthe, pakatha zaka 10 anthu 18 mwa 100 aja akhala atataya magazi. Pakatha zaka 30 ndi anthu 45. Pakatha zaka 50 ndi anthu 64. Ndiye mtsikana wa zaka 20 ndi bambo wa zaka 70 akhoza kukhala ndi AVM yofanana ndendende pachithunzi, koma katundu amene asenza ndi wosiyana, chifukwa mtsikanayo ali ndi zaka zambiri zoti akhale nayo.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse lero n'chakuti nambala ya awiri mwa 100 ndi ya gulu, si ya munthu. Mu 2006 madokotala a ku Columbia University mumzinda wa New York anafalitsa zimene anaona mwa odwala 622. Anayang'ana zinthu zitatu. Kodi AVM inaphulikapo kale? Kodi ili mkatikati mwa ubongo kapena chapamwamba? Kodi magazi ake amatulukira m'mitsempha ya mkatikati yokha? Mwa odwala amene analibe chilichonse cha zitatuzi, wotaya magazi sankakwana ndi mmodzi yemwe mwa 100 pachaka. Mwa amene anali nazo zonse zitatu, anali 34 mwa 100 pachaka. Dzina la matenda ndi limodzi, koma wina akhoza kukalamba nayo, pamene wina ali pachiswe. Cholemera kwambiri pa zitatuzi ndi choyambacho: AVM imene yaphulikapo imakonda kubwereza, makamaka m'chaka choyamba. Palinso chachinayi chimene madokotala amachiopa, timatumba totupa pa mitsempha yodyetsa mfundoyo kapena mkati mwa mfundo momwemo, timene amati aneurysm.

Zonsezi palibe amene angazidziwe poyang'ana nkhope ya wodwala, kapena pogwira mutu, kapena poyeza magazi. Zimadziwika ndi chithunzi basi. Tikabwerako tikamba za makina atatu, ndi chifukwa chake amodzi sakwanira.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Mwamva kuti wodwala wapita ku sikani. Kawirikawiri amanena CT, ndipo makina amenewa ali ndi mizu kuno kummwera kwa Africa. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956 pamene anayamba kudzifunsa mmene munthu angawerengere zamkati mwa thupi pogwiritsa ntchito cheza cha ekisileyi chodutsa kuchokera mbali zambiri. Masamu ake anawafalitsa mu 1963 ndi 1964, koma sanalabadiridwe kwenikweni. Ku England, Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI anapanga makinawo payekha, ndipo pa 1 Okutobala 1971 anajambula mutu wa wodwala woyamba pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979.

Ubwino wa CT ndi liwiro. Mphindi zochepa zokha chithunzi chatuluka, ndipo magazi ongotuluka kumene amaoneka oyera mbee pakati pa ubongo wotuwa. Chithunzi chimenechi chimayankha funso limene silingadikire: kodi sitiroko imeneyi ndi ya mtsempha wotsekeka kapena wophulika? Kunja zizindikiro zimafanana, mkono wafooka, pakamwa papotoka, koma mankhwala ake ndi otsutsana. Mankhwala osungunula magazi amene amathandiza woyambayo akhoza kumaliza wachiwiriyo. Madokotala akabaya mankhwala okhala ndi ayodini mumtsempha wa pamkono n'kujambulanso, mitsempha yeniyeniyo imawala, ndipo AVM yokulirapo imaonekera. Asanabaye amafunsa za impso ndiponso ngati thupi lanu linakanapo mankhwalawo.

Koma CT ili ndi malire. Imaonetsa kuti magazi atuluka, nthawi zina osaonetsa pamene achokera. Chibuma cha magazi oundana chikhoza kupanikiza AVM yaing'ono mpaka kuibisa. N'chifukwa chake dokotala wosamala akaona wachinyamata wopanda BP atataya magazi mu ubongo, ndipo chithunzi choyamba sichinaonetse chifukwa, amamuuza kuti abwerenso pakapita milungu ingapo, magazi atasungunuka. Apa mpamene odwala ambiri amatayika. Munthu wapeza bwino, ndalama ya thiransipoti ndi yovuta, ndiye amati ndikatani kuchipatala ndachira. Chonde, tsiku limene analemba m'buku la kuchipatala lija musalilumphe. Chithunzi chachiwiricho ndi chimene chimapeza chobisika.

Makina achiwiri ndi MRI. Awa alibe cheza cha ekisileyi, amagwira ntchito ndi maginito amphamvu. Amachedwa, amasokosa, ndipo wodwala ayenera kugona phee theka la ola kapena kuposerapo. Chilichonse chachitsulo chimatsala panja, ndipo amene ali ndi chitsulo m'thupi kapena batire la mtima anene asanalowe. MRI imaonetsa ubongo weniweniwo mwatsatanetsatane: mfundo ili pati, yayandikana ndi mbali yolamula kulankhula, kuona kapena kuyenda. Ili ndi luso linanso limene ndimalikonda kwambiri. Magazi akatuluka mu ubongo n'kuuma, amasiya chitsulo chake pamalopo, ndipo chimakhala zaka. Pa MRI chimaoneka ngati banga lakuda. Motero makinawa akhoza kuuza dokotala kuti AVM iyi inadonthapo kale, ngakhale mwini wakeyo ankangoti unali mutu wamba. Mukumbuke kuti funso lakuti inaphulikapo kale ndi lija lolemera kuposa onse.

Kuno kwathu MRI yoyamba inafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Inabwera ndi gulu la Terrie Taylor wa ku Michigan State University, lofufuza malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo mu 2015 gululo linafalitsa kuti chimene chimapha ambiri mwa anawo ndi kutupa kwa ubongo. Ndi umboni wapakhomo wakuti kuona mkati mwa mutu kumasintha kamvedwe ka matenda.

Makina achitatu ndi akale kuposa onse, koma mpaka lero ndi amene amagamula mlandu wa AVM. Mu 1927 dokotala wa ku Lisbon, Egas Moniz, anabaya mankhwala oonekera pa ekisileyi mumtsempha wa pakhosi n'kujambula mitsempha ya mu ubongo wa munthu wamoyo. Njirayi imatchedwa angiography. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira yolowetsera kapaipi kowonda mumtsempha kudzera pa singano, popanda kung'amba. Lero kapaipiko amakalowetsa pamphechepeche kapena padzanja, n'kukayendetsa mkati mwa mtsempha mpaka pakhosi, kenako amathira mankhwala n'kujambula zithunzi zingapo pa sekondi iliyonse. Chimene chimatuluka ndi kanema wa magazi akuyenda. Dokotala amaona mtsempha umene ukudyetsa mfundo, liwiro limene magazi akudutsira, njira imene akutulukira, kaya yapamwamba kaya yamkati, ngati njirayo yapanikizika, ndi timatumba totupa tija ngakhale titachepa bwanji.

Angiography si yongoyesera. Kapaipi kali mumtsempha wopita ku ubongo, ndipo mwa apo ndi apo, osakwana mmodzi mwa 100, kakhoza kubweretsa sitiroko yosiya chilema. Makina ake ndi akatswiri ake amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zowerengeka, moti wodwala angafunike kutumizidwa kutali, mwinanso kunja kwa dziko. Choncho amaichita pamene yankho lake lisintha zochita.

Tsono pali mtundu wina wa vutoli umene angiography siuona n'komwe. Umatchedwa cavernoma. Ndi kagulu ka timatumba ta magazi tamakoma opyapyala, ndipo magazi ake amayenda pang'onopang'ono kwambiri moti mankhwala ojambulira aja salowamo. Munthu akhoza kuchitidwa angiography n'kuuzidwa kuti mitsempha ili bwino, cavernoma ili chikhalire. Amene amaigwira ndi MRI, ndipo akatswiri owerenga zithunzi amati imaoneka ngati mbuliwuli yozunguliridwa ndi mkombero wakuda, mkombero wa magazi akale amene akhala akudontha. Ndi yofala kuposa AVM, mwina munthu mmodzi mwa 200, ndipo ambiri amakhala nayo moyo wonse osadziwa. Ikakhala yambirimbiri mu ubongo umodzi, kawirikawiri ndi ya kumtundu, ndipo mwana aliyense wa wodwalayo ali ndi theka la mpata woitengera.

Okonda masewero a njinga akumudziwa Alberto Contador wa ku Spain. Mu 2004, ali pampikisano wa Vuelta a Asturias, anagwa n'kuyamba kuphupha. Anamupeza ndi cavernoma, anamuchita opaleshoni, ndipo mu 2007 anapambana Tour de France. Nayonso cavernoma kuopsa kwake kumatengera malo ndi mbiri yake. Kafukufuku wa mu 2016 amene anaphatikiza odwala 1,620 anawerenga amene anataya magazi m'zaka 5. Cavernoma imene ili kutali ndi tsinde la ubongo ndipo sinadonthepo kapena kufooketsa ziwalo, anali 4 mwa 100. Ya pa tsinde la ubongo, pamene ubongo umalumikizana ndi msana, imene inadonthapo kale kapena kufooketsa ziwalo, anali 31 mwa 100.

Mtundu wachitatu tingoudutsa. Lipoti la MRI likhoza kutchula DVA, mtsempha wobweza magazi umene unangomera mwa njira yakeyake. Ndi wofala, kawirikawiri suvutitsa, ndipo ubongo umaudalira. Kuuchotsa ndiko kumabweretsa sitiroko, choncho amausiya.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Chithunzi chatuluka, AVM yaoneka. Mtima wa wodwala ndi wa abale ake umati ichotsedwe msanga. Mtima umenewo ndimaumvetsa. Koma kulowa mu ubongo kuli ndi mtengo wake, ndipo dokotala ayenera kuika pasikelo kuopsa kosiya ndi kuopsa kogwira.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi opaleshoni, kutsegula chigaza n'kuchotsa mfundo yonse. Ikayenda bwino, kuopsa kumatha tsiku lomwelo. Yachiwiri ndi kutseka mitsempha ndi mankhwala onga guluu kudzera m'kapaipi kaja, ndipo nthawi zambiri imeneyi imangokonza njira ya zinazo. Yachitatu ndi cheza cholunjikitsidwa pamalo amodzi kuchokera mbali pafupifupi 200, ndi makina a Gamma Knife amene Lars Leksell anayambitsa ku Stockholm mu 1968. Sang'amba paliponse, koma imayenera mfundo zazing'ono, ndipo mitsempha imatseka pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi yonse yodikirayo AVM ikhoza kuphulikabe. Njira iliyonse imene yatsatidwa, ntchito imatha pokhapokha angiography itatsimikiza kuti palibe kachidutswa kotsala, chifukwa AVM yotsekedwa theka siteteza munthu.

Poyeza kuopsa kwa opaleshoni, madokotala amagwiritsa ntchito malikisi amene Robert Spetzler ndi Neil Martin anakonza mu 1986. Mfundo yosakwana masentimita 3 imalandira 1, ya masentimita 3 mpaka 6 imalandira 2, yoposa 6 imalandira 3. Ikakhala pa mbali yofunika kwambiri, monga yolamula kulankhula kapena kuyenda, amawonjezera 1. Magazi ake akamatulukira mkati, amawonjezeranso 1, ndipo malikisi onsewa akaphatikizidwa ndiwo giredi ya mfundoyo. Giredi 1 ndi 2 opaleshoni yake imayenda bwino mwa odwala ochuluka. Giredi 4 ndi 5 madokotala ambiri amazengereza kuigwira. Mumvetsetse apa, chifukwa odwala amasokonezeka: giredi imeneyi imayeza kuopsa kwa mpeni, sinena kuti AVM ili pafupi bwanji kuphulika.

Nanga AVM imene sinaphulikepo, aigwire kapena aisiye? Funsoli linayesedwa m'kafukufuku wotchedwa ARUBA, m'zipatala 39 za m'mayiko 9. Odwala anagawidwa mwamaere. Ena 114 anapatsidwa chithandizo cholimbana ndi mfundoyo, ena 109 anangolandira mankhwala a khunyu, a mutu ndi a BP, mfundo osaikhudza. Mu 2013 oyang'anira analetsa kulemba odwala ena, chifukwa kusiyana kunali kutaonekeratu. Pa miyezi pafupifupi 33, amene anamwalira kapena kuchita sitiroko anali 35 m'gulu logwiridwa, ndi 11 okha m'gulu losiyidwa. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2014, ndipo atawatsatiranso odwalawo mpaka miyezi pafupifupi 50, lipoti la 2020 linasonyeza zomwezo.

Madokotala ambiri a opaleshoni anatsutsa, ndipo mfundo zawo zili ndi mutu. Anati kuvulala kwa chithandizo kumabwera koyambirira, pamene phindu lake limaoneka pa zaka 30 kapena 40, ndiye zaka zitatu kapena zinayi sizingaweruze mlandu wa moyo wonse. Anatinso odwala ochepa okha ndi amene anachitidwa opaleshoni yeniyeni, ngakhale ambiri anali ndi AVM za giredi yotsika. Mkangano umenewu ukadalipo. Ine maganizo anga ndi akuti ARUBA inaphunzitsa chinthu choona chimene sichikoma kumva: dzanja lofuna kuthandiza likhoza kuvulaza kuposa matenda amene agona. Koma sinanene kuti aliyense asiyidwe. Mtsikana wa zaka 20 amene ali ndi AVM yaing'ono, yapamwamba, yosavuta kuifikira, nkhani yake ndi ina. Ndipo ARUBA sinakhudze konse AVM imene yaphulika kale. Imeneyo kawirikawiri amaigwira ngati njira ilipo. Kwa amene adokotala akuuzani kuti tiisiye kaye, tiziyang'anira, musaganize kuti akutayani kapena akuona umphawi wanu. Nthawi zina limenelo ndilo langizo limene mukanalandira ngakhale ku New York.

Nanga ife kumudzi, kutali ndi makina onsewa, tingachite chiyani? Mutu umene wabwera mwadzidzidzi, wowawa kuposa wina uliwonse umene munthu anamvapo, makamaka ukabwera ndi kusanza, kuuma khosi, kusokonezeka kapena kugona kosadzutsika, ndi wothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Chimodzimodzi mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, pakamwa pakapotoka, mawu akamatuluka osamveka, kapena munthu wamkulu akagwa khunyu koyamba m'moyo wake. Musamupatse asipirini kapena bufeni, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Ngati akusinza, musamumwetse madzi kapena phala, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe. Musataye maola ndi mphini. Pofika kuchipatala muwauze nthawi yeniyeni imene zinayamba ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo ngati ndi wachinyamata wopanda BP, nenani zimenezo momveka kuti aganizire zomutumiza kumene kuli sikani.

Amene munajambulidwa kale, sungani chimbale cha zithunzi ndi lipoti lake pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo lipotilo mulijambulenso pa foni. Dokotala wa mawa adzafuna kuyerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale kuti aone ngati pali chasintha, ndipo chakalecho chikatayika palibe angachibwezeretse. Mukakhala pamaso pa adokotala, funsani mosaopa. Ndi mtundu uti, AVM, cavernoma kapena DVA? Kodi pali chizindikiro chakuti inadonthapo? Ili pati, ndipo magazi ake amatulukira kuti? Mukaigwira chingandichitikire n'chiyani, nanga mukaisiya? Gadiyani akhale pomwepo, alembe mayankho, chifukwa munthu wamantha amaiwala zimene wauzidwa. Amayi amene muli ndi vutoli ndipo mukufuna mwana, kambiranani ndi adokotala pathupi pasanabwere. BP iziyezedwa pafupipafupi, fodya asiyidwe, ndipo amene anapatsidwa mankhwala a khunyu asadumphitse tsiku, asaphike pamoto kapena kupita kumtsinje ali okha mpaka khunyuyo itagonja.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakhala ndi nkhani ya mafizo, mmene munthu amene wachita sitiroko amaphunziriranso kuyenda ndi kulankhula, ndi zimene abale angamuthandize pakhomo.

(Nyimbo yotsekera)